Maola atatu m'chipinda cha viva, miyezi isanu ndi umodzi yokonza

Thesis yanga ya PhD ndinaipereka pa yunivesite ina ku England mu Juni 2023. Viva, mayeso a pakamwa oteteza thesis, inachitika kumapeto kwa Okutobala, ndipo kalata yoti zonse zatheka inandipeza ndili kwathu mu Juni 2024. Chaka chathunthu. Miyezi inayi yoyamba inali yodikira zinthu zomwe sindikanatha kuzisintha, koma yotsalayo ndinaiputa ndekha chifukwa cha mmene ndinakonzekerera. Ndikulembera inu amene mwatsala pang'ono kupereka, makamaka amene kafukufuku munakachitira kwathu koma oyesa mukakumana nawo kunja.

Kafukufuku wanga anali wa kasungidwe ka chimanga m'midzi ya ku Dedza: amene amasunga m'nkhokwe, amene amathira mankhwala a ufa m'matumba wamba, ndi amene anayamba kugwiritsa ntchito matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri mkati ndi thumba loluka kunja, omwe anankafumbwe amafera momwemo chifukwa chosowa mpweya. Mu 2021, anthu atangomaliza kukolola, tinayenda m'midzi 21, makomo 20 pa mudzi uliwonse, onse pamodzi makomo 420. Manambala amenewa muwasunge, chifukwa vuto langa linagona pamenepo.

Ku Britain viva sichitikira pagulu ngati ku Netherlands kapena ku Sweden kumene achibale amabwera kudzaonerera. Mumalowa m'chipinda ndi oyesa awiri. Wina ndi wa pa yunivesite yanu yomweyo, koma amene sanakuyang'anireni pa ntchitoyo. Wina amachokera ku yunivesite ina, ndipo kawirikawiri ndiye amatsogolera mafunso. Mayunivesite ena amaikapo wapampando woti aziona kuti malamulo akutsatidwa, koma iyeyo safunsa za kafukufuku. Supavaiza wanu akaloledwa kulowa, amangokhala chete. Woyesa aliyense amawerenga payekha n'kulemba lipoti lake asanakumane ndi mnzake, choncho mukamatsegula chitseko iwo amakhala akudziwa kale pamene akufuna kukumba. Akufuna kutsimikiza kuti ntchitoyo ndi yanudi, kuti mukudziwa chifukwa chimene munachitira chilichonse chimene munachita, komanso kuti mwaonjezerapo chatsopano pa zimene anthu ankadziwa kale.

Kutatsala miyezi itatu kuti ndipereke, ndinalemba fomu yodziwitsa yunivesite kuti ndatsala pang'ono, ndipo asupavaiza anandifunsa mayina a anthu amene ndikuganiza kuti angakhale oyesa akunja. Kusankha n'kwa iwo ndi yunivesite, koma maganizo a wophunzira amamveka. Ine ndinayang'ana kutchuka. Ndinatchula munthu amene dzina lake linali paliponse m'chaputala changa chachiwiri, ndipo atavomera ndinasangalala kwambiri. Chomwe sindinachite ndi kuwerenga mapepala ake asanu aposachedwa, makamaka gawo lofotokoza mmene amasanthulira deta. Ndikanatero ndikanaona kuti pepala lililonse amadandaula za chinthu chimodzi chomwecho chimene ine ndinachilambalala. Musanatchule dzina, werengani njira zake, osati mfundo zake zokha. Funsaninso asupavaiza ngati munthuyo anayesapo ophunzira ambiri, chifukwa woyesa wozolowera amadziwa kusiyanitsa vuto lalikulu ndi laling'ono. Akangosankhidwa, musawalembere imelo ngakhale yongopereka moni. Zonse zizidzera ku ofesi.

Malamulo a yunivesite yathu ankati viva ichitike pasanathe miyezi itatu chiperekereni. Yanga inadutsa pamenepo. Chaka chimenecho aphunzitsi ambiri a m'mayunivesite a ku Britain ananyanyala kuchonga mayeso kuyambira mu Epulo mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo itatha sitalakayo oyesa anali ndi milu ya ntchito. Ndalama za sikolashipi yanga zinali zitatha mu Marichi. Lendi sinadikire. Ndinkagwira ganyu yosamalira okalamba maola 20 pa sabata, omwe ndi malire a viza ya wophunzira, ndipo ndikabwerako thupi limakhala lakana. Thesis ndinaiika pansi pa bedi miyezi itatu ndi theka osaitsegula. Ndinkadziuza kuti ndikupuma, koma chilungamo chake ndinkaiopa.

Tsiku la viva litadziwika, ndinayamba kuwerenga kutatsala masiku khumi. Anachepa. Kupuma milungu iwiri kapena itatu mukangopereka n'kwabwino chifukwa mumabwerera ndi maso atsopano, koma pambuyo pake mufunika milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, maola awiri pa tsiku, ngakhale tsiku la viva lisanalengezedwe.

Kawerengedwe kake kalinso ndi nkhani. Sindikizani PDF yeniyeniyo imene munapereka, osati fayilo ya Word imene mwina mwaigwiragwira pambuyo pake, kuti woyesa akati tsamba 112, inunso mutsegule tsamba 112 lomwelo. Sindikizani mbali imodzi ya pepala kuti kuseri kukhale kolembapo, n'kumangitsa ndi waya wopota kuti buku lizigona lotsegula patebulo. Poyambira chaputala chilichonse matani kapepala kotulukira kunja, ndipo matebulo akuluakulu muwapatse mtundu wina wa kapepala. Musapitirire timapepala 20 kapena 25, chifukwa tikachuluka simupezanso kanthu. Ndiye mukamawerenga, tsamba lililonse lilembereni mzere umodzi m'kope: tsamba ili likunena chiyani. Masamba 280 amasanduka masamba asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu a m'kope, oti mutha kuwabwereza m'basi. Zolakwika za kalembedwe zimene mukupeza, monga chaka cholakwika kapena tebulo lotchulidwa nambala ina, zilembeni pa pepala lapadera n'kulowa nalo. Oyesa sakwiya nazo. Amaona kuti mwawerenga.

Zonsezi ndinachita, ngakhale mothamanga. Chimene sindinachite ndi chachikulu kuposa zonse. Ndinawerenga mwachidwi machaputala amene ndinkawanyadira, koma nditafika pa chaputala chachisanu, pamene panali masamu, maso anangodutsa pamwamba. Ndinkadziwa chomwe chili pamenepo. M'chaka chachitatu, pa semina ina, mnzanga anandifunsa ngati ndinaganizira zoti makomo a m'mudzi umodzi amafanana. Ndinayankha mozungulira, kenaka ndinaika chiganizo chimodzi m'gawo la zofooka za kafukufuku, n'kuyesa kuti nkhani yatha.

Ndifotokoze vutolo bwinobwino, chifukwa ambiri amene timafufuza m'midzi timagweramo. Makomo 20 a m'mudzi umodzi amalandira mvula imodzi, amamva mlangizi mmodzi, amagula mankhwala pa shopu imodzi, ndipo ambiri ndi apachibale. Mukafunsa khomo lachiwiri simukumva nkhani yatsopano yathunthu, mbali ina mwaimva kale pa khomo loyamba. Kompyuta siidziwa zimenezo pokhapokha muiuze. Ikaona 420 imawerenga ngati makomo 420 osadziwana, ndipo imakupatsani ma standard error (manambala oonetsa mmene zotsatira zingaphonyere) ang'onoang'ono, zotsatira n'kuoneka zolimba kuposa mmene zilili. Masamu ake ndi achidule. Chotsani 1 pa chiwerengero cha makomo a pa mudzi, chulukitsani ndi muyeso wa kufanana kwa makomo a m'mudzimo, kenaka onjezerani 1. Ngati makomo ndi 20 ndipo kufananako ndi 0.1 chabe, yankho ndi 2.9. Gawani 420 ndi 2.9, mupeza kuti mphamvu ya deta yanu ikufanana ndi makomo pafupifupi 145. Kukonza kwake n'kuuza pulogalamu kuti ichite cluster pa mudzi, ndiko kuti itenge makomo a m'mudzi umodzi ngati gulu limodzi, ndipo ngati midzi ndi yochepa ngati yangayi, pamafunikanso njira zina monga wild cluster bootstrap. Ntchito ya sabata imodzi ndisanapereke. Sindinaichite chifukwa ndinkaopa kuti zotsatira zanga zisungunuka.

Choncho musanalowe m'viva, khalani pansi ndi pepala loyera, mulembe malo asanu amene mukupemphera kuti asakufunseni. Malo amenewo mukuwadziwa, palibe amene angawadziwe kuposa inu. Pa aliwonse lembani zinayi: ndinachita chiyani, chifukwa chiyani, njira ina inali iti, ndipo zotsatira zikanasintha motani. Ngati n'kotheka kuyesa njira inayo, yesani tsopano, musindikize tebulo lake mulowe nalo. Thesis simungaisinthe mukapereka, koma palibe choletsa kunena kuti vutoli ndinaliona nditapereka kale, ndinabwereza masamu, zotsatira zake ndi izi. Tsegulaninso deta yoyambirira n'kuyendetsa code yonse, malangizo amene munalembera kompyuta, kuchokera pachiyambi, muone ngati manambala akutuluka ofanana ndi a m'matebulo anu. Fufuzaninso zimene zasindikizidwa pa mutu wanu kuyambira tsiku lomwe munasiya kuwerenga, chifukwa funso loti chatsopano n'chiyani m'gawo lanu limabwera kawirikawiri.

Mock viva, yomwe ndi viva yoyeserera, ndinachita ndi asupavaiza anga okha, mphindi 40, kutatsala masiku atatu. Anali munthu amene anayenda nane zaka zinayi, ndipo mafunso awo anali a munthu wodziwa kale mayankho anga. Ndinatuluka ndikumva bwino, koma sindinapindule. Pemphani kuti pakhale mphunzitsi wina amene sanawerengepo ntchito yanu, mumupatse machaputala awiri ovuta kwambiri, ndipo zichitike kutatsala milungu iwiri kuti mukhale ndi nthawi yokonza zimene zavumbuluka. Ikhale ya ola limodzi ndi theka. Ijambuleni pa foni mudzimvere nokha. Ine nditadzimvera pambuyo pake pa nkhani ina, ndinapeza kuti ndimayamba kuyankha funso lisanathe, ndipo ndikasowa chonena ndimabwereza mawu oyamba katatu.

Pali china chomwe anzathu obadwira m'Chingerezi sakumana nacho. Ife ambiri timalemba Chingerezi chabwino chifukwa polemba pali nthawi yofufuta. Polankhula uli ndi mantha, maganizo amabwera m'Chichewa, pakamwa n'kumachedwa. Mankhwala ake ndi kulankhula mokweza tsiku lililonse. Fotokozani thesis yonse m'mphindi ziwiri, kenaka m'mphindi zisanu, kwa munthu amene si wa phunziro lanu. Chiganizo chonena chatsopano chimene mwabweretsa chikhale chimodzi, chachifupi, ndipo chizituluka chokha. Koma musaloweze ndime zathunthu, chifukwa woyesa akakudulani pakati simudziwanso polumikiza.

Viva inayamba 10 koloko m'mawa. Dzulo lake ndinali nditakaona chipindacho, ndipo zinandithandiza: kachipinda ka pa nsanjika yachitatu, tebulo lozungulira, wotchi kumbuyo kwa mpando wanga. Ndinalowa ndi thesis, kope, zolembera ziwiri ndi botolo la madzi. Manja ankanjenjemera moti potsegula botolo madzi anadonthera pa chikuto. Woyesa wakunja anayamba mofatsa, kundifunsa chimene chinandikokera ku nkhani ya chimanga, kenaka anati ndifotokoze mwachidule zomwe ndinapeza. Mphindi khumi zoyambazi cholinga chake n'choti mtima ukhale pansi, ndipo unakhaladi. Pambuyo pake anayamba kuyenda chaputala ndi chaputala, mabuku awo ali ndi timapepala tambirimbiri. Musachite mantha mukaona timapepalato. Tambiri ndi ta zolakwika zing'onozing'ono.

Funso limene ndinayankha bwino linali la mutu wa banja. Woyesa wa pa yunivesite yathu anafunsa chifukwa chake sindinangogawa makomo m'magulu awiri, otsogozedwa ndi amuna ndi otsogozedwa ndi akazi, monga amachitira ambiri. Ndinafotokoza kuti m'midzi yambiri yomwe tinayendamo ukwati ndi wachikamwini, mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, ndipo munda umayenda ku mbumba ya mkazi. Mukafunsa kuti mutu wa banja lino ndani, mayi amatchula amuna awo mwaulemu, ngakhale munda ndi chimanga zili m'manja mwa mayiyo. N'chifukwa chake tinafunsa mafunso osiyana: amanena ndani kuti thumba litsegulidwe, amanena ndani kuti chigulitsidwe, anagula ndani mankhwala. Ndinawaonetsa tsamba la mafunsowo m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo ndinavomereza kuti njirayi inachititsa kuti zotsatira zanga zivute kuziyerekeza ndi za kafukufuku wina. Onse awiri ankalemba akugwedeza mutu. Apa ndinaona kuti pa nkhani ya m'midzi imeneyo, wodziwa kwambiri m'chipindamo ndinali ine.

Koma pasanathe mphindi 20 ndinaiwala zimenezo. Woyesa wakunja anatsegula tsamba 112, pamene ndinasandutsa zokolola kukhala makilogalamu. Alimi athu sanena makilogalamu. Amati ngolo zitatu, madengu khumi, matumba asanu ndi awiri, ndipo ngolo ya chimanga chosatonola si yofanana mudzi ndi mudzi, chifukwa ngolo zimasiyana kukula ndi kadzazidwe. Iye anati manambala otere sangadalirike, chifukwa mwangotenga muyeso umodzi n'kuupaka paliponse. Ine ndinati mukunena zoona, ndikakonza.

Sanali kunena zoona. M'mudzi uliwonse tinkabwereka ngolo yodzaza, n'kutonola chimanga chonsecho pa mphasa, kuthira m'matumba a makilogalamu 50 n'kukweza pa sikelo yopachika pa mtengo. Mudzi uliwonse unali ndi muyeso wakewake. Ntchito imeneyo inatidyera masiku ambiri ndipo zala zinatuluka matuza. Zonse zinali mu Appendix D, koma pa tsamba 112 sindinalozereko, ndipo woyesayo sanaione. Chinanditseka pakamwa si umbuli. Ndi mmene tinaleredwera. Munthu wamkulu, pulofesa wa imvi, akanena chinthu motsindika, lilime limathamangira kuti inde, ndamva. Kwathu umenewo ndi ulemu ndipo sindiunyoza. Koma m'viva, kuvomera msanga amakuona ngati simukuidziwa ntchito yanu, ndipo chimene mwavomeracho chimalembedwa pa mndandanda wa zokonza. Kutsutsa mwaulemu kulipo. Mumati ndikumvetsa chifukwa chake zikuoneka choncho pa tsamba ili, koma ndiloleni ndikuonetseni tsamba lakutilakuti. Chiganizo chimenechi chiyesereni mokweza kunyumba mpaka chizolowere pakamwa, chifukwa mantha akafika, chimene chimatuluka ndi chimene munazolowera.

Titapuma mphindi khumi, tinafika pa chaputala chachisanu. Funso linali lachindunji: ma standard error awa, munachita cluster pa mudzi? Apa ndi pamene ndinayenera kuvomera, koma ndi pamene ndinakakamira. Ndinati makomo tinawasankha mwamwayi m'mudzi uliwonse. Iye anati zimenezo n'zabwino koma si zimene wafunsa. Ndinati ndinaika mtunda wopita ku msika m'masamuwo. Anati zimenezonso sizithetsa nkhaniyo. Tinazungulira pamenepo pafupifupi theka la ola, khosi litauma, ndikumva thukuta likutsika kumsana. Pamapeto anandifunsa mofatsa kuti, mukanachita cluster, mukuganiza kuti zotsatira ziti zikanatsala? Ndinati sindikudziwa. Linali yankho loona loyamba pa nkhaniyo, koma linabwera mochedwa. Ndikanalinena poyamba, n'kuonjeza kuti ndikudziwa chifukwa chake n'zofunika ndiponso mmene ndingakonzere, akanaona munthu womvetsa amene analakwitsa. M'malo mwake anaona munthu wosamvetsa.

Funso mukapanda kulimva, pemphani alibwereze. Kalankhulidwe ka anthu ena kamavuta m'khutu, ndipo palibe amene amachotsa malikisi chifukwa cha zimenezo. Funso lalitali lilembeni m'kope uku akulankhula. Kukhala chete masekondi khumi musanayankhe kumaoneka kwautali kwa inu nokha.

Cha m'ma 1 koloko anandipempha kuti ndituluke. Ndinakhala pa benchi m'khonde mphindi 25. Atandiitana anandiuza kuti akupereka maganizo awo ku yunivesite kuti ndipatsidwe digiri ndikamaliza major corrections, ndiko kuti zokonza zikuluzikulu, m'miyezi isanu ndi umodzi, popanda viva yachiwiri. Mayina ndi nthawi zimasiyana yunivesite ndi yunivesite, ndiye werengani malamulo a kwanu musanalowe, koma makwerero ake amayenda motere: kukhoza popanda chokonza, zomwe sizichitikachitika, minor corrections, zokonza zing'onozing'ono, kawirikawiri mpaka miyezi itatu, major corrections, miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, kulembanso n'kuperekanso pakatha chaka, mwina ndi viva ina, kupatsidwa digiri yotsikirapo ya MPhil m'malo mwa PhD, ndi kulephera. Anandigwira chanza n'kundiyamikira. Ine sindinamve kuyamikirako. Ndinamva miyezi isanu ndi umodzi basi.

Madzulo ndinaimbira amayi. Iwo anali atauza kale anthu ku tchalitchi kuti lero mwana wawo akumaliza. Ndinati, "Amayi, ndakhoza, koma pali zoti ndikonze, zitenga nthawi." Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Nanga akuthamangitsa?" Ndinati ayi. Anati, "Basi konza, ubwere." Ndinalira nditadula foni. Achibale muwauziretu kuti viva si tsiku lomaliza, kuti pambuyo pake pamakhala zokonza, kuti mtolo wa chiyembekezo chawo usakulemereni tsiku limenelo.

Tsopano nkhani ya ndalama, yomwe palibe anandichenjeza. Viza ya wophunzira wa maphunziro aatali imapitirira miyezi inayi kuchokera tsiku lomaliza la kosi. Yanga inkatha mu Januwale 2024, pamene zokonza zinkafika mu Meyi. Kuti ndionjezere, ndinafunika CAS yatsopano kuchokera ku yunivesite (chitsimikizo choti ndine wophunzira wawo, chofunika popempha viza), mapaundi 490 a viza, ndi ndalama ya zaumoyo yomwe nthawi imeneyo inali mapaundi 470 pa chaka. Kuyambira mu Febuluwale 2024 inakwera kufika pa 776. Pamwamba pake lendi ndi chakudya cha miyezi ina isanu, komanso ndalama yomwe yunivesite yathu inkalipiritsa kuti dzina likhalebe m'kaundula. Achimwene anga anali atalonjeza kundithandiza kuchokera kumudzi, koma mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama yomwe anasonkhanitsa inangofota m'manja. Ndinasankha kubwerera kwathu mu Disembala. Amene mukuganiza za Graduate visa, yokulolani kukhalabe m'dzikomo mukamaliza maphunziro, dziwani kuti imafunsidwa muli m'dzikomo, viza yanu ikadali ndi moyo, yunivesite itatsimikiza kale kuti mwamaliza, ndipo ngati munalipiriridwa ndi boma kapena bungwe la sikolashipi pamafunika chilolezo chawo cholembedwa. Werengerani masiku cham'mbuyo kuchokera tsiku lothera viza: miyezi isanu ndi umodzi ya zokonza, inayi yodikira viva, iwiri ya maofesi. Tsiku limene mwafikapo ndilo loyenera kupereka. Ndipo sungani ndalama ya miyezi isanu ndi umodzi sikolashipi isanathe, ngakhale pang'onopang'ono.

Lipoti la oyesa linafika patatha milungu itatu, ndipo nthawi yokonza inayamba kuwerengedwa pa tsiku la kalatayo. Linali ndi mfundo 31. Ndinaliwerenga kamodzi n'kulitseka masiku awiri, chifukwa tsiku loyamba mfundo iliyonse imaoneka ngati chipongwe. Nditalitsegulanso ndinapeza kuti zazikulu zinali zitatu zokha: kubwereza masamu onse a chaputala chachisanu, kulembanso zokambirana ndi mathero molingana ndi zotsatira zatsopano, ndi kufotokoza kayezedwe ka ngolo. Ndisananyamuke ndinakhala ndi asupavaiza n'kugwirizana tanthauzo la mfundo iliyonse. Pamene sitinamvetse, iwo ndi amene anafunsa woyesa wa pa yunivesitepo.

Musanakwere ndege onetsetsani zinthu izi. Laisensi ya Stata, pulogalamu yosanthulira deta yomwe ndinkagwiritsa ntchito, inali ya yunivesite ndipo inkafuna kulumikizana ndi netiweki yawo, chinthu chomwe ndinachizindikira ndili kale ku Lilongwe, intaneti ikudukaduka. Ndinataya milungu itatu ndikusamutsira code yonse ku R, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda popanda intaneti. Koperani mapepala onse amene mudzawafune mukadali ndi mwayi wa laibulale. Deta, code, makalata a chilolezo cha kafukufuku a mbali zonse ziwiri, zikhale malo awiri osiyana motsata malamulo a kasungidwe omwe munasainira. Funsani ngati imelo yanu ya pa yunivesite ikhalebe yotsegula, chifukwa makalata onse a ofesi amapita kumeneko. Pokonza misonkhano kumbukirani kuti Malawi imatsogola ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Marichi, ndipo miyezi inayo ndi ola limodzi.

Nditachita cluster, pa zotsatira zanga zazikulu zisanu, ziwiri zinafooka moti sindikanathanso kuzinena motsimikiza. Zitatu zinaima, kuphatikizapo chomwe chinali mtima wa thesis. Chinthu chomwe ndinachithawa zaka ziwiri chinanditengera masiku asanu ndi anayi, ndipo chaputala chatsopanocho ndi chimene ndimachikhulupirira kuposa onse. Za ngolo zinangofuna ndime ziwiri ndi kusamutsa tebulo kuchokera ku Appendix D kubwera m'chaputala chachinayi.

Popereka zokonza, pangani tebulo la mizati itatu: mawu a oyesa monga analembera, chimene mwachita, ndi tsamba la m'buku latsopano pamene achipeze. Tumizani makope awiri, lina looneka pamene mwasintha ndi lina loyera. Konzani zimene apempha zokha. Mukayamba kukongoletsa machaputala ena mukutsegula makomo atsopano a mafunso. Pamene simukugwirizana nawo, lembani chifukwa chake mwaulemu ndi umboni. Ine ndinatero pa mfundo ziwiri, ndipo zonse anazivomera popanda funso.

Ndinatumiza pakati pa Epulo 2024, kutatsala mwezi umodzi kuti nthawi ithe. Oyesa anatenga milungu isanu ndi iwiri. Atavomereza, panatsalabe kuika kope lomaliza m'nkhokwe ya pa intaneti ya laibulale, kusaina fomu yonena ngati lingawerengedwe ndi aliyense nthawi yomweyo kapena lidikire kaye mpaka mapepala anga asindikizidwe, ndi kuchotsa mapu awiri omwe ndinalibe chilolezo cha eni ake. Mapuwo ndinawajambulanso ndekha, ndipo zinatenga masiku ena anayi. Kalata inafika pa imelo Lachinayi masana, ndili pa mzere ku banki, ndipo ndinaiwerenga katatu ndisanaimbire amayi.